UKWATI WA KU CIGWA CA LUANGWA

Thonje likagulidwa, mapira akalowa m'nkhokwe, ndipo mitsinje ya Lupande ndi Msandile ikasanduka njira za mcenga, m'midzi ya m'boma la Mambwe mumayamba kumveka nthungululu. Imeneyi ndiyo nyengo ya maukwati ku cigwa. Palibe mfumu imene inalamula kuti zizikhala tero, koma dziko lenilenilo ndilo linaika nyengoyi. M'dzinja dothi lakuda la kumeneko limagwira mwendo wa munthu ndi gudumu la galimoto lomwe, mitsinje imadzala usiku umodzi, ndipo mudzi wa patsidya umasanduka dziko lakutali. Eni cigwa sanaiwale madzi a mu February 2007, amene anamiza minda ndi kugwetsa nyumba zambiri. Mu October namo dzuwa limapitirira madigiri 40, kotero kuti nsima ya phwando imalema kudya ndipo okalamba sangathe kuyenda masana. Pakati pa matope ndi ng'amba pamatsala miyezi yowerengeka, kuyambira June kufikira September, ndipo wofuna kukwatitsa mwana amaponya tsiku lake m'menemo.

Boma la Mambwe liri m'Cigawo ca Kum'mawa, pakati pa mapiri a ku Chipata ndi mtsinje wa Luangwa. Ndi dziko la Akunda, ndipo liri ndi mafumu asanu ndi imodzi: Mfumu Yaikulu Nsefu, pamodzi ndi mafumu Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro. Dzina la bomali ndi la Mambwe, mtsogoleri amene mbiri ya Akunda imati anaolotsa anthu ake pa Luangwa kucokera ku dziko la Abisa m'zaka za m'ma 1800. Kalembera wa 2010 anapezamo anthu pafupi-fupi 69,000. Koma ana ambiri a cigwaci ali ku Lusaka, ku Migodi ndi ku Chipata, ndipo zimene zimawabweza kwao kawiri-kawiri ndi ziwiri, maliro ndi ukwati. Ku maliro munthu amathamangira wosakonzeka. Ku ukwati amabwera atauzidwa kale, ndipo m'masiku atatu okha, Cisanu, Ciweru ndi Sondo, mbumba imafuna kukwatitsa mwana, kudyetsa mudzi, ndi kumaliza nkhani zonse zimene zakhala zikudikira kwa zaka.

ULENDO WOTSIKIRA KU CIGWA

Wacibale wocokera ku Lusaka amakwera basi mbandakuca wa Cinai. Dzuwa lisanafike pamutu amakhala ataoloka Luangwa pa mlatho waukulu umene unatsegulidwa mu 1968, napitirira ku Nyimba, Petauke, Sinda ndi Katete, mpaka kufika ku Chipata madzulo atayenda makilomita oposa 550. Mtsinje umene anaoloka m'mawa uja ndi womwewo umene umadutsa kumbuyo kwa mudzi wa kwao, koma kuti akaupezenso ayenera kuzungulira tsiku lina.

Cisanu m'mawa acibale amakumana pa msika wa Kapata, aliyense ndi pepala la zimene anatumidwa. Wina amagula matumba a kabichi ndi anyezi, wina mafuta ophikira, shuga ndi mcere, wina citenje ca mtundu umodzi cimene amai onse a mbumba anapangana kubvala. Keke ya ukwati siikidwa pamodzi ndi katundu. Imakhala pamiyendo pa munthu wofatsa, amene sadzasuntha mpaka ulendo utatha.

Kucokera ku Chipata kufika ku Mfuwe pali makilomita oposa 120. Akulu-akulu amakumbukira masiku amene mseu umenewu unali wa fumbi ndi maenje, pamene ulendo unkadya tsiku lathunthu ndipo munthu ankafika tsitsi liri lofiira. Lero ndi wa tara, ndipo maola awiri kapena atatu amakwanira. Ngakhale wotseka maso amadziwa kuti watsika. Chipata ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, pamene Mfuwe sakwana 600, ndipo galimoto ikangotsetsereka mapiri a ku Mphomwa mphepo yozizira imatsala kumbuyo. Mitengo ya miombo imacepa, m'malo mwake mumabwera mupani, umene ena amati tsanya, ndi milambe yoima yokha-yokha pakati pa minda ya thonje yokolola kale. Ng'ombe zimene zinali m'mbali mwa mseu zimayamba kusowa. Atapitirira Jumbe, kumene kuli maofesi a boma, apaulendo amatsika mmodzi-mmodzi pa mphambano zao, ndipo kucokera pamenepo katundu amasenzedwa pa njinga, pa njinga yamoto ndi pamutu, kutsata kanjira ka mcenga kolowa m'mudzi.

WACIBALE SI MLENDO

Akale anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Koma pa ukwati wa ku cigwa wacibale sawerengedwa mlendo. Amapatsidwa mpando ndi madzi akumwa, amalonjeredwa ndi mudzi wonse, amafunsidwa za ana ndi za ulendo, ndipo moni ukangotha nchito yake imakhala ikumudikira. Woigawa ndi amai aakulu a mkwatibwi, mkulu wao wa amai ake omubala, amene masiku atatu amenewa mau ao amaposa a nyakwawa.

“Mwana wanga, wafika bwino. Bvula nsapatozo, tenga citenje, anzako ali kuseri akusankha mpunga.”

Namwino wa ku cipatala cacikulu ca ku Lusaka amakhala pa mphasa ndi licero pamiyendo. Mphunzitsi wa ku Kitwe amapatsidwa nkhwangwa kuti atsagane ndi anyamata odula mitengo ya cisakasa ca alendo. Asungwana amapanga mzere wa ndowa kucokera ku mjigo kufikira ku migolo, pakuti madzi ophikira, otsukira ndi osamba anthu mazana sangatungidwe tsiku la ukwati lenilenilo. Kumene mjigo uli kutali amai amafukula mcenga wa mumtsinje wouma mpaka madzi atatuluka, ndipo amapitako ali gulu, dzuwa lisanapendeke, cifukwa njobvu nazo zimadziwa malo omwewo. Mphale inakonoledwa ndi kupita ku cigayo masiku apitawo. Thobwa linaphikidwa pa Citatu kuti pofika Ciweru likhale litakoma.

Ana obadwira m'tauni amaima pambali, manyazi ali m'maso, pamene ambuya ao akuwalankhula Cikunda, cinenero coyandikana ndi Cinsenga ndi Cibisa. Amamva mau amodzi, awiri amawaphonya. Koma pofika madzulo amakhala atathamangitsa nkhuku pamodzi ndi asuweni ao, maondo ali mbuu, ndipo palibe amene angasiyanitse wa ku Matero ndi wa kwa Mnkhanya. Ambiri mwa iwo amadziwira pomwepa kuti mbumba yao ndi yaikulu motani. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la ukwati ndi lolemera kuposa la nyumba.

NKHANI YA NDIWO

Funso lobvuta pa ukwati uliwonse ndi la ndiwo, ndipo ku cigwa liri ndi msampha wake-wake. Kumtunda, kwa Angoni ndi Acewa, mwini ukwati amalowa m'khola nagwetsa ng'ombe. Ku cigwa nchenche za kashembe zakhala zikuletsa ng'ombe kuyambira kale, kotero kuti makolo a Akunda ankadalira uta, mkondo ndi mfuti ya gogodera. Phwando la masiku amenewo linkadyedwa ndi njati kapena nswala.

Masikuwo anapita. Tsidya la mtsinje linasanduka malo osungirako nyama mu 1938, ndipo mu 1972 linakhala South Luangwa National Park. Midzi yambiri ya tsidya lino iri m'dera la Lupande, kumene anthu amakhala pamodzi ndi nyama koma saloledwa kupha popanda cilolezo. Lamulo la nyama za m'thengo la 2015 limalanga wosaka, wogula ndi wosunga nyama yopanda cikalata. Komabe pa maukwati ambiri samalephera kupezeka wacibale wa m'tauni amene amakokera amalume ake kuseri kwa nkhokwe, dzanja liri m'thumba.

“Amalume, kodi tayenda ulendo wonsewu kudzadya nkhuku ngati tiri ku Lusaka? Ndalama ndi iyi. Simungapeze mnyamata wodziwa thengo?”

Mkulu wanzeru amayankha mosakweza mau. “Mphwanga, iwe Lolemba ukwera basi. Alonda a nyama akadzafika adzapeza ine, ndi mafupa kudzala. Mlamu wako amene tikumulandira mawayu amadyera kwa alendo odzaona nyama. Kodi ukufuna ayambe banja ali pa ulova, ine ndiri m'ndende? Ngati ndalamayo ikukuyabwa, gula mbuzi yaciwiri.”

Yankho lotere likumveka m'midzi yambiri tsopano. Mabanja oculuka a ku Mfuwe ali ndi mwana wophika, woyendetsa galimoto, wolondera kapena woperekeza alendo m'misasa ya m'mbali mwa paki. Kuyambira 2003 bungwe la COMACO lakhala likulandira mfuti ndi mawaya a misampha kwa osaka amene asankha ulimi, ndi kumagula mpunga, nshawa ndi uci wao. Motero mbale ya ukwati wa ku cigwa lero imakhala ya mbuzi, nkhuku za m'mudzi, nsomba zouma, nyemba, kabichi, ndi mpunga wa m'madambo a komweko, umene fungo lake limafika ku mseu. Wodya ndiwo zimenezi amagona tulo, osadzidzimuka galimoto ikaima usiku.

ANKHOSWE PANSI PA MTENGO

Pamene kuseri kukufuka utsi, pansi pa mtengo wa bwemba pamakhala anthu owerengeka amene sakuseka. Amenewa ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo ukwati weni-weni umamangidwa pamenepa, kusanabwere keke kapena diresi.

Akunda amatsata mtundu wa kucikazi. Mwana ndi wa mbumba ya amai ake, ndipo mwini mbumba ndi amalume. Mwa mwambo mwamuna ndiye ankasamukira kwa mkazi, namanga nyumba pamenepo ndi kulima munda wa apongozi monga mkamwini. Koma mseu wa tara ndi nchito za ku Mfuwe zabweretsa anyamata a mitundu ina. Mkwati akakhala Mngoni wa kwa Mpezeni, abale ake amafika ndi mwambo wosiyana: kwao amapereka malowolo, mkazi amatengedwa kupita kwa mwamuna, ndipo ana amakhala a bambo. Mbali iliyonse imaona mwambo wake ngati wodziwika kwa munthu aliyense, ndipo ngozi imabisala pomwepo. Mau osanenedwa pa Cisanu ameneyu amadzanenedwa patapita zaka khumi, pa maliro kapena pa khoti, anthu atakwiya.

Cifukwa cake ankhoswe odziwa nchito yao safulumira. Amafunsa cimodzi-cimodzi. Kodi ndalama imene yaperekedwa ndi cimalo cothokozera makolo, kapena ndi malowolo? Banjali lidzamanga kuti? Mmodzi akatsogola, ana adzaleredwa ndi yani, ndipo munda ndi nyumba zidzakhala m'manja mwa yani? Akayambana, adzayamba kugogoda pa khomo la yani? Mabanja ambiri masiku ano amalemba mapanganowo m'kabuku, mbali iliyonse nkusunga pepala lake, pakuti mutu umaiwala ndipo mboni zimamwalira.

Pali funso linanso limene kale silinkafunsidwa: zaka za mkwatibwi. Mu December 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa, kotero kuti ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 suwerengedwa ukwati, ngakhale utamangidwa mwa mwambo. Lamulo la maphunziro la 2011 linali litaletsa kale kukwatitsa mwana wa sukulu. Nkhoswe yoona imafuna kuona citupa isanalandire mbale, podziwa kuti nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu.

Mdima ukagwa alangizi amatenga mkwatibwi kulowa naye m'nyumba, ng'oma yaing'ono ikulira, ndipo amuna ndi ana amauzidwa kutalikira. Mkwati naye amakhala ndi akulu ake kwina. Zonenedwa m'menemo sizilembedwa m'nyuzipepala.

USIKU WA CISANU

Usiku umenewu mudzi sugona. Amai amasenda anyezi pa kuwala kwa moto, anyamata ndi asungwana operekeza akwati amayesa mapazi ao komaliza pa bwalo, ndipo alendo amayala mphasa pabwalo pomwe, poti m'nyumba mwadzala ndipo kunja nkofunda. Koma amuna awiri kapena atatu amapatulidwa kuti asalawe mowa. Nchito yao ndi kulondera nkhokwe.

M'cilimwe, thengo likauma, njobvu zimaoloka Luangwa usiku kulowa m'midzi ndi m'madimba. Zimanunkhiza cimanga ndi mapira ziri kutali, ndipo nkhokwe ya nsungwi imene banja linadzaza miyezi isanu zimaipasula kamphindi. Pa ukwati cakudya ca mabanja angapo cimakhala pamalo amodzi, kotero kuti tsoka la usiku umodzi lingagwere mbumba yonse. Alonda amakhala ndi matoci, zitini zoomba ndi njerwa za ndowe zosakaniza ndi tsabola wowawa, zimene utsi wake njobvu siziufuna. Agalu akauwa mwacilendo kumbali ya kumtsinje, nyimbo zimaleka, ana amakokeredwa m'nyumba, ndipo mudzi wonse umamvetsera nthambi zikuthyoka mumdima. Wa m'tauni mtima umagunda pakhosi. Wa m'mudzi amangoti, “Akudutsa, asiyeni,” naponya cikuni pamoto. Mlendo aliyense amalangizidwa cimodzi: usiku sayenda yekha kucoka mudzi wina kupita wina, ngakhale mowa utakoma motani kumeneko.

TSIKU LA CIWERU

Tambala woyamba amapeza miphika iri kale pamafuwa. Ukwati wa ku cigwa umayamba m'mawa, kuti anthu abwerere ku cisakasa dzuwa lisanakalipe.

Machalichi a kumeneko ali ndi mbiri yaitali. Ku Msoro kuli mishoni ya Anglican kumene wansembe Leonard Kamungu, wocokera ku Nyasaland, anafika mu 1911 nagwira nchito mpaka imfa yake mu 1913. Ku Kamoto amishoni a Dutch Reformed anamanga mu 1928, ndipo cipatala ca pamenepo cathandiza mabanja ambiri a m'bomali. Akatolika ndi mipingo ina nayonso iri ndi nyumba zao zopemphereramo m'midzi. Kulikonse kumene ukwati ukudalitsidwa, maina a akwati amakhala atalengezedwa masondo atatu, kuti wodziwa coletsa anene nthawi ikalipo.

Mkwatibwi amaturuka m'nyumba nkhope iri pansi, osaseka, monga analangizidwira. Galimoto imodzi yobwereka, yomangidwa maluwa a pepala, imanyamula akwati, ndipo ena onse amatsata pa njinga ndi pansi, fumbi liri koboo. M'chalichi mbusa amafunsa amene akupereka mwanayu. Pamenepo bambo womubala ndi amalume amayang'anana kaye, ndipo m'mabanja anzeru amaimirira onse awiri.

Pobwerera, amai amayala zitenje pansi kuti akwati apondepo kucokera ku mseu kufikira pa mpando. Nthungululu zimang'amba mlengalenga. Amai a ku cigwa amabvina citelele ndi nsongwe, ndipo ngati akucimuna ndi Angoni, madoda amalowa m'bwalo ndi zishango ndi nthonga, kuponda ngoma mpaka nthaka kunjenjemera. Pakapezeka Mbemba, ngakhale mmodzi yekha, cimbuya cimayamba: amalanda mpando wa nkhoswe, amanyoza nsima kuti ndi yosapsya, amapaka anzake ufa kumaso, ndipo palibe womukwiyira, pakuti mawa pa maliro ndi yemweyo adzagwire fosholo.

Kenaka imafika nthawi ya kufupa. Woulutsa amaitana magulu mmodzi-mmodzi: akucikazi, akucimuna, a mpingo, anzake a mkwati a kunchito, acibale a ku Lusaka. Aliyense amabwera mobvina ndi cimene ali naco. Wina amaponya makwaca m'beseni, wina amatula mphika, wina licero, wina nkhuku yomanga miyendo, wina khasu. Amene analephera kubwera amatumiza ndalama pa foni, ndipo dzina lake limachulidwa mokweza ngati ali pomwepo. Pambali pamakhala mlembi ndi kabuku, kulemba zonse. Kabukuko si kodzitamira. Ndi cikumbutso ca ngongole ya ulemu, pakuti amene watula mbale lero adzakwatitsa wake caka ca mawa.

Kugawa cakudya ndiyo nkhondo yotsiriza. Ku mudzi kulibe makadi oitanira anthu. Wodutsa ndi njinga, mwana wa mudzi wa patsidya, nkhalamba yosaona, onse ali ndi gawo. Amai aakulu amaima pa miphika ndi cipande, maso ali pa mzere, kuyesa nyama kuti womaliza asapeze msuzi wokha. Iwo eni amadya dzuwa litalowa, ataimirira, zotsalira za m'mphika.

SONDO LA MILANDU

Wosadziwa angaganize kuti Sondo ndi lopumula. Koma mbumba imene yasonkhana lero mwina sidzaonananso mpaka maliro, kotero akulu salola kuti tsikuli lipite cabe. Mapemphero akatha, mphasa zimayalidwanso pansi pa bwemba paja.

Nkhani zimabwera motsatana. Malire a munda wa malemu ambuya, umene ana a alongo awiri akulimbirana. Mwana wamasiye amene wakhoza mayeso: ngakhale boma linacotsa malipiro a sukulu mu 2022, yunifomu, nsapato, mabuku ndi cakudya zikufunabe mwini, ndipo wina wa m'tauni ayenera kunena pamaso pa onse kuti amutenga. Denga la amai okalamba limene silidzapirira dzinja lina. Khanda lobadwira ku Ndola limene silinaonedwe ndi akwao, ndipo likudikira dzina la kumudzi. Abale awiri amene sanalankhulane ciyambire maliro a bambo ao amakhazikidwa pa mphasa imodzi, ndipo sanyamuka mpaka atamwera cikho cimodzi. Ena amapita kumanda kukalambula ndi kuonetsa ana pamene pagona makolo. Mau amakwera, misozi imagwa, wina amanyamuka mokwiya nabwezedwa. Cibale ndi fupa, sicimaola.

Masana ana a m'tauni amaumiriza kuti akaone nyama. Wokhala ndi galimoto amawatengera ku mlatho wa Luangwa ku Mfuwe, pa cipata ca paki, kumene mvuu zimaunjikana m'madzi otsala ndipo ng'ona zimaothera dzuwa pamcenga. Mwai ukakhalapo amaona nyamalikiti wa mtundu wa Thornicroft, amene sapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi koma m'cigwa cino. Nkhalamba imene yatsagana nao imawauza kuti nchito ya alendo odzaona nyama inayamba ndi mfumu yao: mu 1950 Mfumu Yaikulu Nsefu, pomvana ndi Norman Carr, inapatula mbali ya dziko lake kuti nyama zisungidwe ndipo ndalama za alendo zizipita kwa anthu ake. Asuweni a kumudzi amene akwera nao amayang'ana mwacidwi cimodzi-modzi, pakuti ambiri a iwo njobvu amaidziwa ngati mbala ya usiku, osati ngati cinthu coimirira kuciyang'ana.

ZOTSALA PA LOLEMBA

Basi ya ku Lusaka imanyamuka ku Mfuwe usiku kusanace. Apaulendo amaperekezedwa ku mseu ndi matoci, atasenza mpunga, nshawa ndi nkhuku ya m'dengu. Dzuwa likamaturuka mudzi umakhala uli zii. Pabwalo pamatsala phulusa, mafuwa ndi cisakasa copanda anthu. Miphika yobwereka imabwezedwa khomo ndi khomo, uliwonse ndi kambale ka ufa kothokozera.

Pamenepo amalume ndi amai aakulu amatsegula kabuku kaja, kenaka amasuzumira m'nkhokwe. Muyeso wa ukwati uli pamenepa. Kucokera September kufikira zokolola zatsopano pali miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, ndipo ya January ndi February ndiyo yowawa. Cilala ca 2024, cimene boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinakumbutsa mabanja ambiri kuti nkhokwe yopunguka sidzadzidwa ndi mbiri ya phwando. Banja limene linagulitsa mbuzi zonse, kudya mbeu ndi kukongola pa thonje la caka ca mawa kuti lifanane ndi maukwati a m'maholo a ku Lusaka, limayamba kulira alendo asanafike kwao. Limene linapatula cakudya ca dzinja lisanayese ca phwando, ndi kugawa mtolo pa mapewa a mbumba yonse, limatsala liri ciriri.

Akwati nao amayamba pomwepo. Mtengwa kapena mkamwini, monga ankhoswe anapanganira, amadzuka m'mudzi umene dzulo unali wa eni, nayamba kuphunzira njira ya kumjigo, maina a apongozi ndi malo amene njobvu zimadutsira. Mitengo ya cisakasa imazulidwa kuti ikakhale mitanda ya nkhokwe yao yoyamba. Khasu limene linatulidwa pa Ciweru limakhomeredwa mpini, cifukwa mvula ya November siidikira munthu, ndipo munda watsopano uyenera kukhala utasoswa mitambo isanayambe kusonkhana pamwamba pa mapiri a Muchinga.